Kulalikira pa foni kumene boma limatchera khutu

Temu ino, m'maphunziro anga a zaubusa omwe ndimachita ndili konkuno ku Mulanje, tili pa mutu wa ulaliki wa pa intaneti m'mayiko momwe boma limapondereza zipembedzo. Chomwe chandikhala mumtima n'chakuti wotumiza uthenga kawirikawiri amagona tulo tabwino, pomwe wolandira ndiye amene apolisi amamugogodera pakhomo.

Ku China nkhaniyi inalembedwa m'malamulo. Kuyambira pa 1 Malichi 2022, wofuna kuphunzitsa za chipembedzo pa intaneti ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo mabungwe akunja sapatsidwa chilolezocho. Kuonetsa mapemphero kapena ubatizo pa intaneti n'koletsedwanso. Izi zisanachitike, mu 2018 Baibulo linachotsedwa m'masitolo a pa intaneti, ndipo mu 2021 apu ya Baibulo ya Olive Tree inachoka m'sitolo ya Apple ya kumeneko, nthawi yomweyo ndi apu ina ya Qur'an, choncho Asilamu nawonso akulira. Sikuti Baibulo kulibe. Kampani ya Amity ku Nanjing imasindikiza Mabaibulo mamiliyoni, ndipo m'matchalitchi ovomerezeka amagulitsidwa. Chomwe boma likufuna n'kudziwa kuti akuphunzitsa ndani, akumva ndani. Mbusa Wang Yi wa mpingo wa Early Rain ku Chengdu, yemwe ankalalikira poyera osalembetsa mpingo wake ku boma, anagwidwa mu Disembala 2018 ndipo patatha chaka analamulidwa kukhala m'ndende zaka 9.

Apa ife Amalawi tikhoza kumvetsa msanga. Kuyambira 2018 nafenso simu khadi timalembetsa ndi chiphaso cha unzika, ndiye nambala ya foni ndi dzina la munthu. Ku China apu yotumizirana mauthenga ya WeChat imamangiriridwa ku nambala yoteroyo, ndipo uthenga uliwonse wa m'gulu la mapemphero umaloza kwa mwini wake.

Dziko limene landiphunzitsa zambiri ndi Iran. Kumeneko kanema wachikhristu wa SAT-7 PARS wakhala akuulutsa m'chinenero cha Chiperisiya kudzera pa setilaiti kuyambira 2006. Lamulo limaletsa madishi, koma ali mbwee pamadenga. Poyamba setilaiti imaoneka ngati njira yachikale poyerekeza ndi Facebook. Ubwino wake ndi wakuti woonera salemba dzina paliponse. Akazimitsa kanema, palibe chotsala chosonyeza zomwe amaonera. Ngozi imayamba pamene mtima wake wakhudzidwa, n'kutenga foni kuti afunse funso. Apu ya mauthenga ya Telegram inatsekedwa mu 2018, anthu amadutsira pa VPN, njira yozembera zomwe boma latseka pa intaneti, komabe foni ikalandidwa mauthenga onse ali momwemo. Amene achoka m'Chisilamu n'kumapemphera m'nyumba amazengedwa milandu yosokoneza chitetezo cha dziko. Ndiye taonani, pomwe mlaliki akusangalala kuti wina wayankha, m'pomwe woyankhayo waika moyo wake pachiswe.

Ku North Korea munthu wamba alibe intaneti n'komwe, ndipo uthenga umalowa pa wailesi zochokera kunja ndi pa timamemori khadi. Ku Eritrea boma linatseka mipingo yonse mu 2002 kupatula ya Orthodox, Katolika ndi Lutheran, ndipo Chisilamu nachonso chinaloledwa.

Zonsezi sizili kutali ndi kwathu kuno monga achinyamata anzanga amaganizira. A Mboni za Yehova analetsedwa m'Malawi muno kuyambira 1967 mpaka 1993. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique, ena kutsidya kwa Muloza kuno, dera la Milange. Mabuku awo ankalowa mobisa, pa njinga. Ine si wa Mboni ndipo pa chiphunzitso timasiyana, koma akuluakulu a m'midzi yathu anaziona ndi maso, ndipo ambiri a ife a mipingo ina tinangokhala chete. Mu Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, koma anthu anaichulukitsa pa makina a fotokope n'kumapatsirana. Pepala lija munthu ankatha kulikwirira m'munda kapena kuliponya pamoto akamva mapazi panja. Foni sichita choncho. Ngakhale ufufute uthenga, umatsala kwa mnzako, kwa amene anaujambula, ndi m'makina a kampani.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi kayezedwe ka ntchito komwe ndimaona m'mautumiki ena, kowerenga kuti kanema waonedwa kangati, aphatikana nafe angati. Manambala amenewo amakometsa lipoti lopita kwa othandiza ndi ndalama, koma sanena ngati munthu uja ali pa mtendere. Choipa kwambiri ndi umboni wokhala ndi chithunzi. Kuno tikabatiza ku mtsinje wa Ruo, zithunzi zimakhala pa Facebook dzuwa lisanalowe, ndipo palibe vuto, pakuti ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza ufulu wa chipembedzo. Chizolowezi chomwecho chikaoloka nyanja chimaika m'bale m'ndende.

Ndipo chimaolokadi. M'magulu a WhatsApp a mipingo yathu muli alongo athu omwe anapita kukagwira ntchito zapakhomo m'mayiko a Aluya. Ena foni yawo imaonedwa ndi abwana. Ife timawalowetsa m'gulu osawafunsa, n'kumatumiza maulaliki otsutsa chipembedzo cha eni nyumbayo, tikumati tikuwalimbikitsa.

M'kalasi tinatsutsana kwambiri pa funso limodzi. Mnzanga wina anati kusamala kotereku ndi mantha, pakuti atumwi anati tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Ndikuvomereza kuti anatero, koma Petro ananena mawuwo atayima iye mwini pamaso pa bwalo, msana wokwapulidwa unali wake. Ine amene ndili ku Chitakale ndi bandulo yanga ndilibe ufulu wolimba mtima m'malo mwa mtsikana wa ku Tehran, likulu la Iran. Kusankha kuonekera n'kwake. Paulo yemwe, abale anamutsitsa usiku m'dengu pa linga la Damasiko, ndipo palibe amene anati wataya chikhulupiriro.

Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense alembe malangizo a gulu la mpingo wake. Anga ndi ochepa: munthu amene ali kunja tizimufunsa kaye tisanamulowetse, pa mutu wa pemphero tisalembe dzina lake kapena mzinda umene ali, ndipo chithunzi cha ubatizo chisatuluke mwini wake asanalole. Abusa athu avomera kuti ndikawerenge pa msonkhano wa achinyamata Loweruka likubwerali, ndipo anena kuti amayi a chigwirizano abwerenso, popeza ana ambiri amene ali kunjako ndi awo.