Momwe ndinapulumutsira thanki yanga ya makorali itadzaza aiptasia

Ndinachoka ku Durban mwadzidzidzi nditamva kuti amayi agonekedwa m'chipatala kwathu ku Salima. Ndinkayesa ndikakhala milungu itatu, koma ndinakatha miyezi isanu. Thanki yanga ya madzi amchere, ya malita 250, momwe ndimaweta nsomba ndi makorali (tinyama ta m'nyanja yamchere tomera pamiyala ngati zomera), ndinasiyira mnzanga amene timakhala nyumba imodzi. Ndinangomuuza kuti azidyetsa nsomba ndi kuwonjezera madzi akaphwera. Iye anachita zonsezi ndi mtima umodzi: nsomba ankazipatsa chakudya katatu pa tsiku mosaumira, ndipo madzi ankatunga pampopi wa kukhitchini.

Tsiku lobwerera ndinaima pagalasi chikwama chidakali kumsana. Galasi lonse linali litaphimbika ndi ndere. Nditapukuta pang'ono n'kusuzumira, ndinaona miyala yamera ndere zazitali ngati tsitsi, mchenga utafunda chinthu chofiirira choterera chija amati cyanobacteria. Ndipo m'ming'alu, pansi pa makorali, ngakhale papampu penipeni, panali aiptasia. Kwa amene sanamuonepo, aiptasia ndi kanyama kofewa ka mtundu wa anemone, kabulauni, koonekera mkati, kokhala ngati kamtengo kakang'ono ka kanjedza. Timanja take timayabwa ngati chitedze, ndipo makorali oyandikana nako amapsa n'kuyamba kufota. Ndinawerenga mpaka 80 n'kulekera pomwepo. Nsomba zanga ziwiri za clownfish zinali moyo, zonenepa ndithu. Makorali ofewa anali atadzitseka, awiri olimba atayera mbee, atafa.

Mnzangayo anaima pambuyo panga n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, ine ndimaona ngati timaluwati n'tabwino." Sindinamuimbe mlandu. Amene sanamufotokozere zonse ndine.

Usiku womwewo ndinalakwitsa chinthu chimene ndikufuna inu musadzachite. Ndinatenga mpeni n'kupala aiptasia pamwala umodzi uli m'madzi momwemo. Patatha milungu iwiri, pamene panali asanu panamera tiana tosawerengeka, tina pamiyala imene poyamba inalibe. Aiptasia ali ngati kapinga: ukamudula ndi khasu, kachidutswa kalikonse kamaphuka pakokha. Ngakhale akamasuntha yekha amasiya tizidutswa ta phazi lake m'mbuyo, ndipo timeneto timakula n'kukhala aiptasia athunthu. Choncho mpeni ndi mswachi zisamuyandikire ali m'thanki.

Zitatero ndinakhala pansi n'kuyamba ndi madzi, chifukwa zonse zimene zinamerazi zinali kudya zotsalira za miyezi isanu. Mchere pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, unali 1.029, pomwe makorali amafuna 1.025 kapena 1.026. Madzi akamauma mchere umatsalira, n'chifukwa chake powonjezera timathira madzi opanda mchere, ndipo ayenera kukhala osefedwa a RO/DI (odutsa m'makina ochotsa zosungunuka m'madzi), osati apampopi amene amatha kubwera ndi phosphate ndi silicate, ndiwo zenizeni za ndere. Nitrate, litsiro lochokera ku zotsalira za chakudya ndi ndowe za nsomba, anali atapitirira 50, ndipo alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, inali itatsikira pa 6 dKH (muyeso wake). Kapu ya skimmer, makina ochotsa litsiro m'madzi ndi thovu, inali itadzaza matope onunkha ndipo makinawo anali atasiya kukoka litsiro.

Mchere ndinautsitsa pang'onopang'ono, 0.001 pa tsiku. Nsomba ndi makorali zimene zazolowera madzi oipa zikhoza kufa ukazisinthira mwadzidzidzi, ngakhale ukuzipatsa abwino. Ndinatsuka skimmer ndi mapampu, ndinataya nsalu zosefera, kenako ndinayamba kusintha chigubu chimodzi cha malita 25 kawiri pa mlungu. Madzi atsopano ndinkawasakaniza ndi mchere dzulo lake, pampu ikuzungulira m'chidebe, kutentha kuli pa madigiri 25 ngati m'thanki. Mchenga ndinkaukoka ndi paipi kachigawo kamodzi pa ulendo uliwonse. Mchenga wokhalitsa umatha kusunga mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo kuuvundula wonse nthawi imodzi kumapha nsomba.

Chimene chinandiyesa mtima ndi phosphate. Milungu itatu ndikusintha madzi, koma poyeza zinkangokhala chimodzimodzi. Miyala ndi mchenga zimamwa phosphate madzi akakhala oipa, ndipo ukamachotsa wa m'madzi, miyalayo imabweza wake. Ndinaika GFO wochepa, timibulu tomwe timamwa phosphate, m'kathumba mu sump, kathanki kosefera madzi ka pansi pa thanki yaikulu, n'kudikira. Sindinafune kufikitsa nitrate ndi phosphate pa 0, chifukwa makorali nawo amafunikira pang'ono, komanso madzi oyeretsetsa amaitana vuto lina la dinoflagellates (tizamoyo tating'onoting'ono tofunda mchenga ndi miyala ngati utoto wabulauni woterera), lomwe kulichotsa n'kovuta kuposa ndere.

Nderezo ndinkazizula ndi zala, paipi ili pafupi kuti ikoke zoduka. Nyale ndinazichepetsa kuchoka pa maola 12 kufika pa 7, ndipo ndinaikamo nkhono khumi za trochus kuti zizidya zophukira. Pano ndichenjeze mwamphamvu: valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso. Ine ndili ndi makorali a palythoa, ndipo ena mwa iwo amakhala ndi palytoxin, poizoni woopsa kwambiri amene amalowera pabala kapena m'maso. Musawiritse mwala wa m'thanki, ngakhale kuuthira madzi otentha. Nthunzi yake yadwalitsapo mabanja athunthu.

Madzi atayamba kukhazikika m'pamene ndinabwerera kwa aiptasia. Chida changa chinali kalkwasser, ufa wa calcium hydroxide. Ndi mbale wake wa laimu amene timapaka nyumba kwathu, koma woyengedwa bwino. Wa kuhadiweya musamuike m'thanki. Ndinkasakaniza ufawo ndi madzi pang'ono mpaka ukhale ngati phala lolimbirako, n'kuukokera m'sirinji. Kenako kuzimitsa mapampu onse kuti madzi aime chilili. Apa m'pofunika dzanja lodekha. Aiptasia ukamukhudza, kapena mthunzi wako ukangomudutsa, amalowa m'dzenje lake nthawi yomweyo osaonekanso. Ndinkafikitsa nsonga ya sirinji pamwamba pa kamwa yake, pakati pa timanja, n'kudontheza pang'ono. Iye amayesa chakudya, amapinda timanja n'kukumbatira phalalo, ndipo pamenepo ndinkafinya lotsala mpaka ataphimbika yense. Pakapita mphindi 20 ndinkakoka phalalo ndi zotsalira zake ndi paipi, n'kuyatsa mapampu. Sindinkapitirira khumi pa tsiku, chifukwa kalkwasser ndi waukali ngati soda (pH yake imaposa 12) ndipo ukachulutsa umasokoneza madzi onse. Dontho likagwera pa makorali limawawotcha, choncho aiptasia omera pakati pawo ndinkawasiya kaye.

Mwala umodzi wapamwamba unali utadzaziratu ndipo panalibe makorali. Umenewo ndinautulutsa n'kuuyanika padzuwa mwezi wathunthu, kenako n'kuuviika m'chidebe cha madzi amchere milungu ingapo usanabwerere. Sindinatulutse yambiri, poti m'miyalamo ndi momwe mumakhala mabakiteriya osefa madzi.

Sirinji imafika pokhapo pamene diso likuona. Za m'ming'alu zinafunika mlenje wokhala momwemo. Kusitolo ndinaloza shrimp (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu) zokongola za mizere yofiira ndi yoyera, koma bambo wogulitsayo anapukusa mutu. "Ayi bambo, izi ndi camel shrimp. Taonani linunda pamsanapo. Zikakathera makorali anu ofewa, aiptasia osamukhudza." Dzina lake la sayansi ndi Rhynchocinetes durbanensis, lochokera ku mzinda womwe uno, ndipo anthu ambiri amazisokoneza ndi peppermint shrimp za mtundu wa Lysmata. Peppermint zenizenizo, zomwe zimadya aiptasia, zilibe linunda, thupi lake limaonekera mkati, mizere yake ndi yofiira yopyapyala. Ndinagula zinayi. Mlungu woyamba sindinaone chilichonse. Zimatuluka usiku, ndipo zikamakhuta chakudya cha nsomba sizivutika n'kusaka. Nditachepetsa chakudya kufika kamodzi pa tsiku, aiptasia ang'onoang'ono anayamba kusowa. Akuluakulu zinkawalambalala, amenewo anali ntchito ya sirinji.

Ena amakonda Berghia, kankhono kopanda chigoba kamene chakudya chake ndi aiptasia basi. Kamagwira ntchito bwino, koma peppermint shrimp zimakadya, ndiye uyenera kusankha chimodzi, ndipo aiptasia akatha kamafa ndi njala ngati sunakapereke kwa mnzako. Nsomba ya copperband butterflyfish, imene nayonso imadya aiptasia, ndinaikana. Imavuta kudyetsa, ndipo sindinafune kugula chamoyo choti chikafere m'manja mwanga pofuna kukonza cholakwa changa.

Pa mwezi wachitatu ndinkadabwa kuti tiana tatsopano tikuchokera kuti. Usiku wina ndinaunika ndi tochi m'bokosi la overflow, momwe madzi amatsikira ku sump, ndipo ndinapeza aiptasia akuluakulu asanu ndi awiri atakhazikika momwemo, kumene shrimp sizifika. Ndinawamwetsa phala onsewo masiku awiri, n'kutsuka mapaipi.

Tsopano papita miyezi inayi. Nitrate ali pa 10, alkalinity pa 8, ndere zatsala m'ngodya imodzi yokha. Lamlungu lililonse usiku ndimazimitsa nyale n'kuyenda ndi tochi mwala ndi mwala, mnzanga uja atandigwirira sirinji, ndipo masiku ano iye ndi amene amayamba kuwaona. Mlungu wathawu tinapeza mmodzi kuseri kwa pampu. M'mawa mwake makorali anga a toadstool, amene anakhala chitsekere kuyambira tsiku lomwe ndinabwera, anali atatulutsa timanja tawo tonse, tikugwedezeka ndi madzi.