Makoko a zipolopolo za mfuti: muyeze phewa ndi khosi musanafike pa sikelo

Ambiri amene amadzaza okha zipolopolo za mfuti amathera nthawi pa sikelo ya onga, khoko lolandira ongawo n'kumangoliyang'ana ndi maso. Chonsecho khoko ndilo limapereka malo oti onga uyakiremo, ndiponso ndilo limagwira chipolopolo pakhosi mpaka nthawi yochoka. Makoko awiri osiyana m'kati, ngakhale muwathire onga wofanana ndendende, sangapereke liwiro limodzi.

Musanayeze khoko, dziwani pomwe choyezera chanu chimalekezera. Caliper (choyezera cha milomo iwiri yotsetsereka) yoonetsa manambala pagalasi imalemba mpaka 0.0005 ya inchi, koma opanga ambiri amangolonjeza kuti siiphonya kupitirira 0.001. Nambala yomalizayo musaikhulupirire kwambiri. Kungowonjezera mphamvu ya chala pang'ono, muyezo wasintha kale. Pukutani milomo ya caliper, itsekeni muone ngati ili pa ziro, ndipo khoko limodzi muliyeze katatu mukulitembenuza. Manambala atatuwo akasiyana, vuto lili m'dzanja lanu kapena m'choyezera, osati m'khoko.

Muyezo wofunika kuposa yonse ndi wochokera pansi pa khoko kufika paphewa, pomwe khoko limayamba kuchepa kulowera kukhosi. Pamafunika kachitsulo kobowoka kotchedwa comparator, komwe kamamangidwa pa caliper n'kukhala paphewa pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Pa makoko a mtundu wa .308 Winchester bowo lake ndi la 0.400 ya inchi, pa .223 Remington ndi 0.330. Yambani mwachotsa primer (kachitsulo koyatsa onga ka pansi pa khoko) yakale, chifukwa ikatukuka ngakhale pang'ono imawonjezera muyezo. Nambala imene mupeze si yofananitsa ndi ya m'buku kapena ya mnzanu. Ntchito yake ndi kuyerekeza khoko lomwe lawomberedwa mu mfuti yanu ndi khoko lomwelo litatuluka mu die, chikombole chachitsulo chofinyira khoko kuti libwerere pa muyezo wake.

Pa mfuti ya bolt, yokoka ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse, bwezani phewa ndi 0.001 mpaka 0.002 ya inchi. Mfuti yodzikokera yokha chipolopolo imafuna mpata wokulirapo, cha m'ma 0.003 kapena 0.004. Anthu ambiri amangotsitsa die mpaka igunde shellholder (kachitsulo kogwira khoko kunsi) monga pepala la malangizo linenera, ndipo mwina phewa labwerera ndi 0.006 iwo osadziwa. Zikatero, pa kuwomba kulikonse khoko limatamukira kutsogolo kuti lidzaze chamber (malo a m'mfuti momwe khoko limakhala), ndipo chitsulo chotamukacho chimachokera malo amodzi, pamwamba pang'ono pa tsinde lochindikala. Pamenepo pamapyapyala. Kunja mumaona kamzere kowala kozungulira khoko, ndipo mukalowetsa kawaya kopinda kunsonga mumamva kakukodwa m'kangalande. Khoko lotero liphwanyeni n'kulitaya. Likadukira m'mfuti, mpweya wotentha umathawira kumbuyo komwe kuli nkhope yanu.

Die mwaimanga bwino koma mapewa akutulukabe osiyana? Onani mafuta opaka pakhoko lisanalowe mu die, chifukwa khoko louma ndi lonyowa kwambiri sililowa mofanana. Kenako onani kuti makokowo awomberedwa kangati. Brass ya makoko ndi mkuwa magawo 70 ndi zinc magawo 30, ndipo imauma ikamafinyidwa ndi kutukumulidwa mobwerezabwereza. Khoko lowomberedwa kasanu likatuluka mu die limabwerera pang'ono komwe linali kuposa lowomberedwa kamodzi. N'chifukwa chake kusakaniza makoko owomberedwa maulendo osiyana m'bokosi limodzi kumawononga ntchito yonse yoyeza. Kuwotcha khosi ndi phewa kumabwezera kufewa, koma moto usafike kutsinde. Tsinde lofewa silingapirire mphamvu ya onga, ndipo khoko lotero silikonzekanso.

Pakhosi caliper siikwanira. Pamafunika micrometer (choyezera chopota ngati sikuluwu) ya nsonga yobulungira, yowerenga mpaka 0.0001. Yezani kuchindikala kwa khoma malo anayi mozungulira. Makoko ambiri amakhala pakati pa 0.012 ndi 0.015 ya inchi, ndipo mbali imodzi ikaposa inzake ndi zoposa 0.001, chipolopolo chimakhala chopendekera. Masamu osankhira bushing (kamphete ka mu die kofinya khosi) ndi osavuta: chipolopolo cha 0.308, kuwonjezera khoma la 0.014 kawiri, zikupereka 0.336. Chotsanipo 0.002 kuti khosi ligwire, ndiye bushing yanu ndi 0.334. Mukasintha mtundu wa makoko, masamuwa ayambirenso.

Kutalika kwa khoko n'kosavuta. SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, imaika malire a .308 Winchester pa 2.015 inchi, ndipo anthu amadula pa 2.005. Dulani khoko litachoka kale mu die, popeza die imalitalikitsa. Likatalika mopitirira, kamwa lake limapanikizika kumapeto kwa chamber n'kuluma chipolopolo, mphamvu n'kukwera mwadzidzidzi.

Nanga kusanja makoko potengera kulemera? Apa ndi pomwe nthawi yambiri imatayikira chabe. Brass imalemera pafupifupi kasanu ndi katatu ndi theka kuposa madzi, choncho makoko osiyana ndi grain (muyezo wa kulemera wa pa sikelo ya onga) imodzi amasiyana m'kati ndi malo a madzi okwana 0.12 ya grain basi, m'khoko la .308 lolowa madzi pafupifupi ma grain 56. Komanso kulemerako mwina kuli pamkombero wakunja wokokera khoko, komwe sikukhudza za m'kati n'komwe. Sikelo imathandiza kugwira khoko lachilendo lomwe lasochera m'gulu, monga la asilikali la 7.62 NATO, lomwe kawirikawiri limakhala lochindikala ndipo limafuna kuti muchepetse onga n'kuyambanso kukwera pang'onopang'ono motsatira buku la opanga ongawo.

Ngati mukufunadi kudziwa malo a m'kati, yezani ndi madzi. Tengani makoko owomberedwa mu mfuti imodzi, osalowa mu die, odulidwa mofanana, primer yakale ikadali momwemo kuti itseke bowo. Ikani khoko pa sikelo, bwezani pa ziro, thirani madzi ndi jakisoni mpaka afike pakamwa osatukuka. Kadontho ka sopo m'madzimo kamathandiza kuti thovu lisatsalire pansi pa phewa. Mukatha, chotsani primer ndi kuumitsa makoko bwinobwino musanathiremo onga.