Mlungu wachisanu ndi chimodzi: ndachotsa submodule mu pulogalamu ya mvula

Pulogalamu yanga yolembera mvula imene imagwa kumunda kwathu, m'mbali mwa msewu wochoka ku Chipata kupita ku Lundazi, tsopano ikutha kujambula galafu ya mwezi wonse. Chojambula galafuyo sindinachilembe ndekha, koma ndimabwereka Chart.js, laibulale yaulere ya JavaScript imene ili pansi pa laisensi ya MIT. Mlungu uno wonse wathera pa funso limodzi lokha, loti katundu wa eni akeyu azikhala bwanji mu Git yanga, chida chosungira khodi ndi mbiri ya kusintha kwake.

Poyamba ndinaiika ngati submodule, chifukwa zinkaoneka zaudongo. Mwa njira imeneyi Git sasunga mafayilo a laibulaleyo, amangolemba adiresi yake mu .gitmodules ndi kukumbukira commit (mmene khodiyo inalili pa nthawi inayake) imene ndinaloza. Loweruka lapitali msuweni wanga wa ku Katete, amene akufuna kuyeza mvula kudimba kwake, anakopera pulogalamuyi ndi lamulo la git clone, ndipo foda ya Chart.js inafika yopanda kanthu ngati nkhokwe ya mu Febuluwale, popeza sindinamuuze kuti awonjezere --recurse-submodules, mawu ouza Git kuti itsitsenso ma submodule. Titakonza zimenezo pafoni, tinapezanso kuti zimene zatsikazo ndi khodi yosamangidwa, yofuna kukopera zida zina zambiri kuti fayilo yogwira ntchito ituluke. Bandulo yake inatha ntchito isanafike pakati, ndipo sanandibisire mmene anakhumudwira.

Zoika mu Git node_modules yonse, foda imene npm (chida chotsitsira maphukusi a JavaScript) imaikamo zimene yatsitsa, sindinaziganizire nthawi yaitali. Foda imeneyo ili kale mu .gitignore, mndandanda wa zimene Git isamasunge, ndipo ikhala momwemo.

Chimene chinandichedwetsa ndi package-lock.json, imene inabwera ndi npm 5 mu 2017. Fayiloyi imakhomerera vesheni yeniyeni ya phukusi lililonse, ndipo kwa munthu wa intaneti yosadukaduka ndi yokwanira. Komabe siisunga phukusilo, imangonena kumene lili, choncho aliyense woyamba kugwiritsa ntchito pulogalamuyi ayenera kukhala ndi netiweki, komanso phukusilo liyenera kukhala likadalipo. Mu Malichi 2016 mlembi wa left-pad, kakhodi ka mizere 11 yokha, anakachotsa pa npm, ndipo mapulojekiti akuluakulu monga Babel analephera kumangidwa. Kwathu kuno sipafunika kuti wina achotse kanthu. Magetsi akangozima, netiweki nayo imayamba kuvuta.

Choncho ndapanga foda ya vendor, ndaikamo fayilo imodzi yomangidwa kale, chart.umd.js ya vesheni 4.4.0, pamodzi ndi laisensi yake, pakuti MIT imalola kukopera pokhapokha mawu a eni ake akatsagana ndi khodiyo. Pambali pake ndalemba kafayilo konena kumene ndinaitenga ndi SHA-256 yake (nambala yoizindikirira, imene imasintha fayiloyo ikangosinthidwa), ndipo zonsezi zalowa mu commit yawoyawo, yosasakaniza ndi khodi yanga, kuti tsiku lokweza vesheni kusintha kudzaonekere poyera.

Mtengo wake ndauona kale. Eni ake akakonza cholakwika, kukonzako sikudzandipeza kokha, ndiyenera kumakayang'ana ndekha. Ndinayesedwanso kusintha mtundu wa mizere mkati mwa fayilo yawoyo, koma ndinabweza dzanja n'kukasinthira mu khodi yanga, chifukwa SHA-256 ikanasiya kugwirizana. Dzulo msuweni anakopera pulogalamu yonse pa fulashi, ndipo galafu yatseguka pa laputopu yake popanda intaneti. Chatsala ndi masiku opanda mvula, amene akuoneka ngati mipata m'malo mwa ziro.