Zomwe ndaphunzira pa kuika pampu ya magetsi pa injini yaing'ono

Pa gawo la kayendedwe ka mafuta m'injini zing'onozing'ono, nkhani imene yanditengera nthawi kuiganizira ndi yoika pampu ya magetsi yopopa petulo pa tigalimoto toyenda m'thengo, monga go-kart. Injini zambiri zomwe anthu amamanga pa tigalimoto totere, kuphatikizapo Honda GX390, zimalandira petulo wotsika yekha kuchokera mu thanki yomwe ili pamwamba pa kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Munthu akasamutsa thankiyo n'kuiika pansi kapena kutali ndi injini, petulo safikanso, ndipo pampu imafunika.

M'kabureta muli floti, kachipangizo koyandama m'kambale ka petulo, yomwe imakankha kasingano kotseka khomo la petulo kambale kakadzaza. Kasinganoko kamapirira puresha yochepa, kawirikawiri yosapitirira 4 psi (psi ndi muyeso wa puresha), pomwe pampu ya galimoto ya injekishoni imakankha pa 40 psi kapena kuposerapo. Pampu yamphamvu chotero imagonjetsa kasinganoko ndipo petulo amasefukira pa injini, choncho yoyenera ndi ya puresha yotsika.

Chomwe chandiopsa kwambiri ndi chakuti pampu ya magetsi siyendera injini, imayendera batire. Tipampu tosagwiritsa ntchito magetsi, monga ta Mikuni, timapopa chifukwa cha kupuma kwa mpweya wa m'mimba mwa injini, ndipo injini ikazima nato timaima. Ya magetsi imapitirizabe malinga ngati kiyi ali wotsegula. Kagalimoto kakagubuduzika, paipi n'kuzuka, woyendetsa n'kukomoka, pampuyo imangothira petulo pa ekizozi yotentha mpaka thanki itauma. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika pa -40°C, ndipo nthunziyo ndi yolemera kuposa mpweya, kotero imaunjikana pansi.

Pa galimoto zina zazikulu vutoli amalithetsa ndi switchi yoyendera puresha ya oyilo, koma GX390 ilibe pampu ya oyilo. Oyilo wake amangomwazidwa m'kati, ndipo Oil Alert, chipangizo chozimitsa injini oyilo akachepa, imayang'ana kuchuluka kwa oyilo, osati puresha. Njira ina ndi switchi yodula magetsi galimoto ikagundidwa, ngati imene kampani ya Ford inkaika m'galimoto zake zambiri, ngakhale kuti pa msewu wa mabampu ikhoza kudula popanda ngozi. Ine ndakonda rileyi, switchi yoyendera magetsi, yolandira chizindikiro kuchokera ku koyilo yotchaja batire, chifukwa koyiloyo imatulutsa magetsi pokhapokha injini ikuzungulira. Pamafunika kabatani kodina ndi chala kodzazira kabureta musanalize injini. Kunena zoona, ngati kapampu koyendera mpweya wa injini kangakwanitse ntchitoyo, sindikuona chifukwa chosankhira ya magetsi.

Pomanga, waya wa negetivu wa batire ayenera kuchotsedwa poyamba. Pampu zamtunduwu zimakankha bwino kuposa kukoka, ndiye malo ake ndi pafupi ndi thanki, m'munsi mwake, kutali ndi ekizozi, muvi wa pa pampuyo utaloza ku kabureta ndipo fyuluta ili pakati pa thanki ndi pampu. Fyuzi imakhala pafupi ndi pozitivu ya batire kuti waya yense atetezedwe. Pampu yaing'ono imadya magetsi pafupifupi 1 kapena 2 A (ma amp), ndipo koyilo zina zimapereka 3 A basi, choncho nyale zikawonjezeka batire limatha.

Nkhani ya mapaipi ikutikhudza ife kuno kwathu, popeza petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga. Ethanol amawononga labala yemwe sanapangidwire mafuta otere, ndipo tipaipi ta pulasitiki toonekera m'kati timauma n'kung'aluka. Pamafunika paipi ya petulo yeniyeni, yomangidwa ndi kalampu pa mfundo iliyonse, osati kukulunga waya.

Kuyesa kumachitikira panja, chozimitsira moto cha ufa chili pafupi, popeza madzi amangofalitsa moto wa petulo. Aphunzitsi athu amapititsa pepala louma pansi pa mfundo iliyonse pampu ikugwira ntchito, chifukwa kadontho kosaoneka ndi maso kamasiya banga pa pepala. Kenako amailiza injiniyo, n'kuizimitsa potseka tchoki, chotsekera mpweya wolowa m'kabureta, kiyi ali wotsegula, ndipo amayika dzanja pa pampu. Ikakhala kuti ikugundabe, mawaya onse amalumikizidwanso kagalimoto kasanatuluke m'galaja.