Zilembo ziwiri pa jasi loyera

Sabata yatha, pa sukulu yathu ya udokotala kuno ku America, tinali ndi mayeso opima thupi ndi manja. Timalowa awiriawiri, wina n'kukhala pa tebulo ataweramitsa mutu, mnzake n'kuyamba kufufuza msana ndi zala, mphunzitsi ataima pambali ndi pepala lake. Umayambira pa fupa lotumphuka lija la pansi pa khosi, n'kumatsika mfundo imodziimodzi mpaka ufike pamene akuuza. Ine ndinagwirana ndi mtsikana amene takhala tikuwerengera limodzi chiyambire chaka chino. Makolo ake anachokera ku Gujarat m'dziko la India, koma iye anabadwira ku New Jersey. Zala zake zimamva msanga kuposa zanga. Pamene ine ndikadawerengabe mafupa, iye amakhala atapeza kale mnofu umene wakungika. Tonse tinakhoza.

Tili pakati pa kudya madzulo ake, mayi ake anaimba foni. Chigujarati sindimva, koma ndinaona nkhope yake ikugwa. Atadula anandiuza kuti kunyumba kuli ukwati wa msuweni wake mwezi wa mawa, ndipo mayi ake amupempha kuti achibale akakamufunsa za sukulu adzangoti akuphunzira udokotala, basi. Zilembo za DO asakazitchule.

Pano ku America digiri za udokotala ndi ziwiri, MD ndi DO. Ife tikuphunzira yachiwiriyo, ya osteopathic medicine. Zaka ndi zinayi mofanana, mtembo timatumbula chimodzimodzi, mabuku a matenda ndi a mankhwala ndi omwewo, ndipo tikamaliza maphunziro onse ofunika timaloledwa kulemba mankhwala ndi kuchita opaleshoni m'zigawo zonse 50 za dzikoli. Chowonjezera chathu ndi maola pafupifupi 200 ophunzira kupima ndi kuchiza ndi manja, makamaka ululu wa msana, khosi ndi molumikizana mafupa. Anayambitsa njirayi ndi Andrew Taylor Still, dokotala amene ana ake atatu anamwalira ndi matenda oumitsa khosi mu 1864. Anataya chikhulupiriro pa mankhwala a nthawi imeneyo, omwe ambiri ankapweteka kuposa kuchiza, ndipo mu 1892 anatsegula sukulu yake ku Kirksville, Missouri. Lero mwa ophunzira udokotala anayi alionse m'dziko muno, pafupifupi mmodzi ali pa sukulu ya DO. Sean Conley amene ankasamalira Donald Trump ndi Kevin O'Connor amene ankasamalira Joe Biden ku White House onse ndi a DO.

Zonsezi mnzangayo anawauza kale mayi ake, osati kamodzi. Poyamba ndinkadabwa kuti zikulephereka pati, ndipo mumtima ndinkawaweruza makolowo. Ndinasiya nditamvetsa kumene achokera.

Ku India, Pakistan, Bangladesh ndi Sri Lanka dokotala ndi munthu wa digiri ya MBBS, ngati mmene zilili kwathu ku sukulu ya udokotala ya KUHeS, pakuti tonse tinatengera kwa Angerezi. Ku India achinyamata oposa 2 miliyoni amalemba mayeso a NEET chaka chilichonse, kulimbirana malo a MBBS ongopitirira 100,000 pang'ono. Amene sanafikepo ambiri amalowera ku BAMS, maphunziro a Ayurveda (mankhwala achikhalidwe a ku India), kapena ku BHMS, maphunziro a homeopathy (njira yochiza ndi mankhwala osungunulidwa kwambiri). Awa nawonso amatchedwa madokotala, koma aliyense m'banja amadziwa kuti anali kufuna chiyani poyamba. Ndiye tangoganizani mayi amene anakulira m'menemo, mwana wake n'kumuuza kuti wapeza malo pa sukulu ya osteopathy. Khutu lake limamva homeopathy. Mtima wake umamva kuti mwana sanafike. Kuwonjezera apo, achibale ambiri ali ku Leicester ndi ku London, kumene osteopath si dokotala ayi: salemba mankhwala, sachita opaleshoni, ntchito yake ndi ya manja yokha. Azakhali a ku Britain akamanena kuti a osteopathy ndi owongola misana, akunena zoona za kumene ali. Cholakwika n'chakuti dzina ndi limodzi pomwe ntchito ndi ziwiri zosiyana.

Palinso china chozama. Lamulo la mu 1965 litatsegula khomo la America kwa anthu a ku Asia, ambiri mwa oyamba kulowa anali madokotala ndi mainjiniya. Anthu amenewa anavutika, analembanso mayeso, anakagwira ntchito m'matauni ang'onoang'ono kumene ena ankakana kupita, ndipo zilembo za MD zinakhala umboni woti ulendo wonsewo sunapite pachabe. Mwana akabwera ndi zilembo zina, kholo limafunsa funso limene anzangawa amalitchula kawirikawiri m'Chihindi ndi m'Chiurdu, log kya kahenge, kutanthauza kuti anthu adzati chiyani. Funso limeneli ife Amalawi sitifunika kulimasuliridwa. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, wa makolo a ku Pakistan, anandiuza kuti nkhaniyi imafika mpaka pofunsira mbeta, pakuti pa pepala lofotokoza za mkwati amalembapo digiri yake.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mantha amenewa ali ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi mwana. Alipo mabanja amene amasankha kutumiza mwana ku sukulu za pa zilumba za Caribbean chifukwa kumeneko amapereka MD, n'kukana malo a DO omwe anapezeka kale. Koma digiri payokha sikulola munthu kugwira ntchito kuno, umafunika upeze malo a residency, maphunziro a pantchito m'chipatala ukamaliza sukulu. Mu 2024, mwa omaliza sukulu za DO oposa 90 pa 100 alionse anapeza malo, pamene nzika za America zophunzira kunja anapeza anali pafupifupi awiri mwa atatu. Ena mwa otsalawo amabwerera kunyumba ndi zilembo zimene makolo ankafuna, ngongole ya madola ochuluka zedi ili pamutu, odwala osaloledwa kuwagwira.

Sindikufuna kukometsa mbali yathu mopitirira. Ambiri a ife tinafunsira malo ku sukulu za mitundu yonse iwiri, ndipo ya DO ndi imene inatiyankha. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, komanso palibe chifukwa chonamizira kuti tonse tinabadwa tikulota za Still. Zina mwa zimene timaphunzitsidwa, monga kumvetsera kugwedezeka kwa mafupa a chigaza, umboni wake ndi wofooka, ndipo ndimazinena poyera m'kalasi. Tsankho nalonso silinathe. Kuyambira mu 2020 MD ndi DO amalimbirana malo a residency pansi pa bungwe limodzi loyang'anira maphunzirowa, la ACGME, komabe m'magawo ovuta kulowa monga a khungu ndi opaleshoni ya ubongo, a DO ndi ochepa kwambiri. N'chifukwa chake ambiri timalemba mayeso athu a COMLEX n'kuwonjezeranso USMLE ya anzathu a MD, ndalama kawiri, tulo tochepa kawiri. Nkhondoyi ndi yakale: mu 1962 ku California madokotala a DO pafupifupi 2,000 anasinthitsa digiri zawo kukhala MD polipira madola 65 aliyense.

Koma chimene ndapeza pa tebulo lija sindingachisinthanitse. Miyezi yochepa yapitayi ndinkaopa kugwira munthu. Tsopano ndikaika dzanja pa phewa la mnzanga ndimadziwa ngati wagona bwino kapena wachezera pa kompyuta, ndipo ndaphunzira kupempha kaye ndisanagwire. Atsikana ena achisilamu m'kalasi mwathu anapempha kuti azigwirana ndi akazi anzawo okhaokha, ndipo kuwaona akulankhula zimenezi molimba mtima kwandiphunzitsa mmene ndidzafunsire wodwala wanga.

Ine mayi anga nditawauza za DO anangofunsa kuti, "Nanga odwala udzawaona, mwanangu?" Nditati inde, nkhani inathera pomwepo, mwina chifukwa kwathu aliyense wovala jasi loyera timamutcha adokotala. Mnzanga uja alibe mwayi umenewo. Ndinamufunsa chimene akanene ku ukwatiko, anati sanaganizebe, ndipo safuna kuwachititsa manyazi mayi ake pagulu. Tagwirizana kuti Lamlungu tikumane ku laibulale 8 koloko m'mawa, tiyambe za impso.