Kashopu kathu ka ku Kapata ndi gitala ya rizimu

Pamene tinkatsegula kashopu kathu pafupi ndi msika wa Kapata mu 2017, chaka chomwe Chipata inakwezedwa kukhala mzinda, za magitala sizinali m'mutu mwathu. Ine ndinkakonza mawailesi, maamplifaya a m'mabala ndi zokuzira mawu za m'matchalitchi, ntchito yomwe anandiphunzitsa amalume anga ku Katete. Mayi a kunyumba ankagulitsa mabatire, mawaya ndi mababu kutsogolo, ndipo buku la ndalama amagwira ndi iwowo mpaka lero.

Gitala yoyamba inabwera pa njinga, itakulungidwa m'chitenje. Mwini wake anali mnyamata woimba rizimu, gitala yoperekeza oimba, m'kwaya ya mpingo wina wa ku Nabvutika. Gitalayo inali yotsanzira Stratocaster, mtundu wotchuka wa gitala ya magetsi, koma ya mtengo wotsika, ndipo anaigoneka pa tebulo langa mosamala ngati mwana wodwala.

"Abambo, gitala iyi imabaya m'makutu," anatero mnyamatayo. "Amayi a m'kwaya akuti ndizitsitsa, koma ndikatsitsa sindimvekanso. Ndikufuna izilira mofatsa, mawu ake akhale ndi mnofu, koma nsambo iliyonse izimveka payokha."

Tsiku limenelo sindinamumvetse. Mutu wanga unali wa munthu wa maamplifaya, wozolowera kuti chinthu chikapanda kumveka umachiwonjezera mphamvu. Ndinaimbira munthu wina wogulitsa zipangizo ku Lusaka, iye n'kunditsimikizira kuti ali ndi ma pickup amphamvu zedi, tizipangizo totola mawu a nsambo pa gitala. Ma pickup aja anabwera pa basi, ulendo wa makilomita oposa 550 mumsewu wa Great East. Anali ma humbucker, ma pickup a makoyilo awiri a waya, a maginito a ceramic, ndipo nditawayeza pa mita ya zamagetsi anaonetsa 16k, kutanthauza ma ohm 16,000. Nambalayo inandisangalatsa. Ndinasema thupi la gitala, n'kudula pulasitiki ya pamwamba kuti alowe, mnyamata uja n'kulipira ndalama zomwe achinyamata a mpingo anachita kusonkherana.

Lolemba m'mawa ndinamupeza ali kale pakhomo. Kubaya kuja kunathadi, koma m'malo mwake kunabwera phala. Akakanda chord, nsambo zonse 6 zinkamatirirana, kaamplifaya ka kutchalitchi n'kumasasa mawu ngati kali ndi chimfine. Oimba anasowa potsamira, woimba besi n'kumadandaula kuti gitalayo ikumulowerera m'munda mwake. Ndinabweza ndalama zonse. Mayi a kunyumba sanakalipe. Anangotsegula buku n'kundionetsa pomwe phindu la mwezi wonse linathera, kenako anati, "Bambo, ngati muti muzigwira magitala, yambani mwadziwa zili m'katimo."

Usiku womwewo ndinatenga imodzi mwa ma pickup akale aja n'kuivula chivindikiro. M'kati mulibe zambiri. Muli maginito, ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa kambirimbiri. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito, muwayamo mumabadwa kamagetsi kakang'ono, ndipo kameneko ndi komwe amplifaya imakuza. Pickup ya Stratocaster ya kapangidwe kakale imakulungidwa pafupifupi ka 8,000 ndi waya wa makulidwe a 42 AWG, pa mita n'kuonetsa cha m'ma 6k. Ukakulunga mopitirira pamenepo mphamvu imakwera, koma timawu ta pamwamba, tomwe timasiyanitsa nsambo ina ndi inzake, timayamba kufota. Ma pickup a 16k aja anapangidwira oimba rock, anthu ofuna dala kuti amplifaya isase mawu. Kwa iwo ndi katundu wabwino. Ine ndinawapatsa munthu amene ntchito yake n'kuyala mphasa kuti mawu a anthu akhalepo. Ndinadzazindikiranso kuti nambala ya pa mita siuza zonse, chifukwa waya wocheperapo umakweza nambalayo ngakhale mikulungo ili yofanana.

Nditaiyang'anitsitsa gitala ya mnyamata uja ndinapeza kuti matenda ake anali apafupi. Ma pickup anali atakwezedwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsambo. Ma pot ake, tizipangizo topotokola ta voliyumu ndi toni, anali a 500k, pomwe ma single coil, ma pickup a koyilo imodzi, nthawi zambiri amayendera 250k, yomwe imagwetsa pang'ono mawu akuthwa. Ndipo mnyamatayo ankasiya switchi yosankhira pickup kumunsi nthawi zonse, pa pickup ya pafupi ndi bridge, potsamira nsambo pa thupi la gitala, pomwe nsambo imakhala youma ndipo imalira mowonda. Ndinagula pulasitiki ina ndi ndalama zanga, n'kubwezeretsa ma pickup ake akale omwewo, kuwatsitsa ndi sikuludiraiva, kusintha ma pot, n'kumuuza akankhire switchi kumtunda, pa pickup ya kukhosi. Atakanda chord yoyamba anakhala kaye phee, n'kukandanso. "Abambo, ndi yomweyi?" Inali yomweyo. Zomwe ndinasintha zonse pamodzi mtengo wake sunafike ndi pa theka la pickup imodzi ya ku Lusaka ija.

Ameneyo ndiye analengeza dzina lathu. Pasanathe miyezi ingapo magitala anayamba kubwera kuchokera ku Mchini, ku Magazine, kenako ku Chadiza ndi ku Lundazi. Pafupifupi onse oimba rizimu ankanena chimodzimodzi m'mawu osiyana. Wina amati ikhale yonona, wina yokhuta, wina isamakande m'mutu.

Lero munthu akabwera kudzafuna pickup yatsopano sindiyamba ndi kumuonetsa katundu. Ndimamupatsa mpando kuti aimbe nyimbo yomwe amaimba Lamlungu kapena ku ukwati, ndipo ndimamufunsa kuti amaimbira pa amplifaya yotani, ali ndi ndani pambali pake. Gitala yomwe imamveka yokoma uli wekha m'chipinda imatha kusowa ikakumana ndi kiyibodi, besi ndi ng'oma. Iyi ndi mfundo yomwe anyamata ambiri amavutika kuivomereza. Amafuna mawu onenepa kwambiri, koma kunenepa kwa pansi ndi kwa besi. Rizimu ikalowa kumeneko onse awiri amamira. Mawu ofatsa omwe timafuna amakhala pakati, timawu ta pamwamba tili tofewa koma tilipo ndithu.

Pickup ikakhaladi yofunika kusintha, ndimayamba ndayang'ana maginito. Magitala ambiri otsika mtengo amakhala ndi kachidutswa ka ceramic komatidwa pansi pa timisomali tachitsulo. Sindinena kuti ceramic ndi yoipa, ndamvapo ina yolira bwino, koma yambiri yomwe imafika pa tebulo langa imakhala yaukali. Ine ndimakonda alnico, chitsulo chosakaniza aluminiyamu, nikelo ndi kobalti. Alnico 5 imagwira molimba, mawu a pansi amakhala omangika, a pamwamba owala, ndipo imakomera oimba kalindula amene dzanja lawo limathamanga, chifukwa kukanda kulikonse kumatuluka. Alnico 2 imakoka nsambo mofatsa, mawu ake ndi ozungulira, ndipo kwa woimba m'kwaya sindinapeze yoposa imeneyi. Ndikanakhala ndi gitala imodzi yokha m'dziko, ndikanaika alnico 2 kukhosi.

Humbucker sindinaida chifukwa cha zomwe zinandichitikira. Yoyambirira, yomwe Seth Lover anapangira kampani ya Gibson n'kuikidwa pa gitala ya Les Paul mu 1957, sinali yamphamvu ngati zija ndinagula. Pa mita inkaonetsa cha m'ma 7k kapena 8k, maginito ake a alnico, ndipo oimba jazz amaikonda chifukwa cha kufatsa kwake. Ma humbucker otsanzira kapangidwe kameneko, omwe amawatcha PAF, ndi amene ndimaika pa magitala obwera kale ndi malo a humbucker, pot ya 500k ili pomwepo kuti mawu asatsekeke. Palinso P-90, yomwe Gibson anatulutsa mu 1946. Ili ndi koyilo imodzi yotakata, ndipo mawu ake ali pakati pa Stratocaster ndi humbucker. Kuno siipezeka kawirikawiri. Ndagwirapo zochepa chabe, koma tsiku lomwe ndinaimva koyamba ndinachedwa kutseka shopu.

Vuto la single coil ndi kang'uu kaja. Magetsi athu ndi a 230 volts pa 50 Hz, ndipo koyilo imodzi imatola kulira kwa magetsiwo ngati eriyo. M'matchalitchi momwe mawaya anakokedwa opanda earth, kapena momwe muli magetsi a machubu, kang'uu kameneka kamamveka mpingo wonse ukakhala chete popemphera, ndipo woimba amachita manyazi. Humbucker inapangidwira zimenezi. Makoyilo ake awiri anakulungidwa motsutsana kotero kuti phokoso la magetsi limaphana lokha, mawu a nsambo n'kutsala. Ma Stratocaster ambiri a masiku ano ali ndi pickup yapakati yokulungidwa chobwerera, ndipo ukaika switchi pa malo achiwiri kapena achinayi, ma pickup awiri amagwirizana n'kuzimitsa phokosolo. Malo ophatikiza ya kukhosi ndi yapakati ndi omwe ndimauza oimba rizimu ambiri kuti akhazikikepo.

Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankasowa maola ambiri pa tsiku, ndipo matchalitchi ndi magulu oimba anathamangira ku majenereta ndi mainveta. Ena mwa majenereta ang'onoang'onowo amatulutsa magetsi osasalala, ndiye magitala omwe kale anali chete anayamba kulira ngati njuchi. Chaka chimenecho chinali chowawa. Chowotcherera changa chinkagwira ntchito usiku wokha, magetsi akabwera, ndipo masiku ena ndinkadzuka 2 koloko kuti ndimalize ntchito ya munthu. Komanso ndi chaka chomwe ndinaphunzira kumata tepi ya kopa m'mimba mwa gitala, kuilumikiza ku earth, n'kusintha mawaya osavala a m'kati. Siithetsa phokoso lonse, koma imalichepetsa mpaka munthu kupuma.

Palinso ma pickup olira "tswii" ukangokweza voliyumu, chifukwa waya wa m'koyilo unakhwefuka ndipo ukunjenjemera wokha. Amenewa ndimawamiza mu phula losungunuka, magawo 4 a kandulo ndi gawo limodzi la phula la njuchi lomwe ndimagula kwa alimi a uchi. Chitini cha phula ndimachiika m'madzi otentha, osati pamoto penipeni, ndipo sindilola kutentha kupitirire kwambiri madigiri 65, kuopa kupinda pulasitiki. Ndimadikira mpaka thovu lisiye kutuluka. Ntchito imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, mwina chifukwa fungo la phula limandikumbutsa kumudzi.

Koma chida chomwe chapulumutsa ndalama za anthu ambiri m'shopu muno ndi sikuludiraiva. Ndimadina nsambo pa fret yomaliza, kachitsulo kopingasa ka kumapeto kwa khosi la gitala, n'kuyeza mpata pakati pa nsambo ndi maginito. Ndimayambira pa mamilimita 2.5 kumbali ya nsambo zonenepa ndi 2 kumbali ya zowonda, kenako n'kumatsitsa pang'onopang'ono mwini wake akukanda, mpaka nkhope yake itamasuka. Pickup ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo, mawu n'kumagwedera ngati gitala sinachunidwe. Anthu angapo anabwera atatsimikiza kuti khosi la gitala linapindika, pomwe vuto linali masikulu awiri. Nsambo nazonso zimathandiza. Za nikelo yeniyeni zimalira mofewa kuposa zachitsulo chonyezimira, ndipo nsambo zadzimbiri palibe pickup yomwe ingazikometse.

Pa nkhani ya ndalama, ine ndi mayi a kunyumba tinakambirana kangapo. Iwo ankaona kuti munthu wabwera ndi ndalama ya pickup m'thumba, ine n'kumubweza atalipira kandalama kochunira kokha. Funso lawo linali loona, chifukwa lendi siidikira. Tinagwirizana kuti kumvetsera ndi kuchuna kukhale ndi mtengo wake wolembedwa pakhoma, ndipo ma pickup tisamawaunjike pa shelefu, tiziitanitsa munthu akasankha n'kupereka theka. Kwacha ikagwa katundu wakunja amakwera msanga, ndipo ndalama yogona pa shelefu ndi yomwe inatsala pang'ono kutitsekera shopu chaka chachiwiri. Ma pickup omwe anthu achotsa timawagula motchipa, ine n'kuwakonza, n'kugulitsa kwa ana a sukulu amene sangakwanitse atsopano.

Ntchito imachuluka kumapeto kwa Febuluwale, nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni, pomwe tauni imadzaza alendo ndipo magulu oimba amapeza maganyu, komanso mu Ogasiti anthu akamapita ku Kulamba ku Mkaika. Anthu akagulitsa mtedza, soya ndi chimanga maukwati amachuluka, magitala nawo n'kutuluka pansi pa bedi. Ena amadutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji. Tsopano ndili ndi mtsikana wa mchemwali wanga amene ndikumuphunzitsa, ndipo dzanja lake powotcherera ndi lodekha kuposa langa. Tikulakalaka kupanga makina okulungira ma pickup athu kuchokera ku mota ya makina osokera. Mota ilipo kale, tikusunga ndalama ya waya.

Sabata yatha kunabwera agogo ena ochokera ku Petauke, amene ankaimba kalindula ali anyamata. Gitala yawo inali ndi pickup ya kukhosi yakufa, mita osaonetsa kanthu. Mdzukulu wawo ankafuna tiike humbucker yaikulu yomwe anaiona pa foni. Ndinapeza kuti kawaya kanaduka panja penipeni pa koyilo, ndipo mwana wa mchemwali wanga anamasula mkulungo umodzi n'kuwotcherera. Mita inaonetsa 5.9k. Agogowo anaika gitala pa ntchafu, n'kutsitsa toni pang'ono ndi chala chaching'ono osayang'ana, n'kuyamba kukanda. Amayi awiri ogulitsa tomato anaima pakhomo ndi mabeseni awo pamutu. Atamaliza, agogowo anatembenukira kwa mtsikanayo n'kumufunsa, "Mama, ndi zingati?"