Loweruka, 20 February 2016: Winston wabwerera

Ndikulemba izi pa kandulo. Magetsi anazima madzulo ndipo Suva yense, likulu la dziko la Fiji, ali mumdima. Kunjaku mphepo ikubuula ngati lole yolemedwa imene ikukanika chitunda, ikatero imapuma pang'ono, kenako n'kuyambiranso. Bubu sanagone. Ndikuwamva kuseri kwa khomali akukoka mpando, akuyesanso foni.

Bubu ndi eni nyumba imene ndimachita lendi. Dzinali si lawo lenileni, m'chinenero cha kuno limatanthauza agogo, ndipo mzere wonse wa nyumba zathu umawaitana choncho, ngakhale ine mlendo. Kwawo ndi ku Koro, chilumba cha pakati pa nyanja kumpoto chakum'mawa kwa kuno. Mng'ono wawo ali komweko ndi ana ake ndi zidzukulu.

Ndinadzuka kusanache bwino chifukwa wailesi ya Bubu inali italira kale. Wolengeza anali kubwereza uthenga wa akatswiri a zanyengo a ku Nadi, tauni ya kumadzulo kwa dziko lino: namondwe Winston wafika pa gawo 5, gawo lomaliza, ndipo m'mawa womwewo anali pa Vanua Balavu, chimodzi mwa zilumba za Lau, kum'mawa kwa dziko lino. Tsiku likupita, manambala anakwera mpaka mphepo ya makilomita 230 pa ola, yowomba mwadzidzidzi mpaka 325. Ndinakhala pa bedi kuyesa kuganiza kuti mphepo yotere imaoneka bwanji, koma mutu unakana.

Chimene chikundipweteka n'choti namondweyu tinatsanzikana naye kale. Anayamba pa 7 February ngati chisokonezo wamba cha mitambo kufupi ndi Vanuatu. Pa 11 anapatsidwa dzina, n'kutsetsereka kumwera, kutilambalala chakumadzulo. Atafika pa madzi ozizirirapo anafooka. Kenako anakhotera kumpoto chakum'mawa, kulowera ku Tonga, ndipo pa 16 anakwapula zilumba za Vava'u. Ife kuno tinangoti pepani anzathu a ku Tonga, n'kubwerera ku ntchito zathu. Ine ndinachita kuchapa makatani. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chakhala chikuimba pafupifupi masabata awiri, ife n'kumati ndi ng'oma ya kwa eni.

Atadutsa Vava'u anaima. Anaima ndithu pakati pa nyanja ngati munthu amene wakumbukira kuti waiwala kanthu kunyumba, n'kutembenuka. Anadutsanso pafupi ndi Vava'u yemweyo kachiwiri, ndipo ulendo uno akubwera kumadzulo, kwa ife, akunenepa tsiku ndi tsiku. Namondwe alibe miyendo yake. Amatengedwa ndi mphepo zikuluzikulu zomuzungulira monga tsamba pamtsinje, ndiye dera la mpweya wolemera limene linali kumukankhira kum'mawa litachepa mphamvu, lina la kumwera kwake litakula, njira inasintha. Palibe nkhanza pamenepo, koma ukamaona mzere wake pa mapu, wopindika ngati mbedza, umavutika kukhulupirira kuti sakuchitira dala.

Cha m'ma 8 koloko ndinathamangira m'tauni. Mizere m'masitolo, aliyense ndi zomwezomwezo m'manja: makandulo, mabatire, nsomba za m'chitini, mabisiketi, madzi. Anthu a kuno ngakhale zinthu zitavuta amaseka, ndipo mayi wina pamzere anandifunsa ngati ndinaonapo namondwe chibadwire. Nditati ayi, anati ndasankha wabwino woyambira. Ndinabwerako msanga poopa kuti mabasi asiya kuyenda.

Ndinapeza mdzukulu wa Bubu wamkulu ali pa denga, akukhomerera malata ndi kumanga zingwe. Ine anandipatsa hamala kuti nditseke mawindo ndi matabwa. Bubu anali kuseri ndi chikwanje, akudula mitengo ya chinangwa kuisiya yaifupi, yofika m'mawondo. Ndinadabwa, chinangwa chabwinobwino. Iwo anati mtengo ukakhala wautali mphepo imaugwedeza mpaka mizu kuthyoka pansi, chinangwa n'kuola, koma ukaufupikitsa mphepo imasowa pogwira. Nzeru imeneyi sanaitenge pa wailesi. Anaona namondwe Bebe mu 1972, anaona Kina mu 1993 amene madzi ake anagwetsa milatho ya ku Ba ndi ku Sigatoka, anaonanso Evan mu December 2012 akusasula Nadi ndi Lautoka. Amatchula mayinawa ngati anthu amene anayambana nawo kalekale.

Masana, magetsi akadalipo, ndinatsegula kompyuta kuti ndione zithunzi za setilaiti ya Himawari-8 ya ku Japan, imene imajambula mbali ino ya dziko mphindi 10 zilizonse. Ndiulule, ndinachita nacho chidwi chinthucho. Chozungulira bwinobwino, choyera ngati thonje, pakati pake kabowo kakuda koonekera ngati kobooledwa ndi msomali. Mdzukulu wamng'ono wa Bubu, mnyamata wa zaka 12, anabwera kudzasuzumira paphewa panga n'kufunsa kuti mphepo yonseyi ikuchokera kuti, popeza dzulo kunali dzuwa.

Ndinamuuza kuti ikuchokera ku dzuwa lomwelo. Namondwe amadya madzi ofunda, china ayi. Kuti abadwe, pamwamba pa nyanja pamafunika kufunda madigiri 26 kapena 27, ndipo kufundako kusakhale kwa pamwamba pokha koma kutsike pansi mamita ngati 50. Nyanja imene Winston wakhala akuyendamo ili pafupifupi pa 30. Madzi otere amatulutsa nthunzi yambiri. Nthunziyo ikakwera kumwamba imazizira n'kusanduka madontho, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kumene inanyamula kuchokera m'nyanja. Kutenthako kumafunditsa mpweya wa m'mitambomo, mpweyawo umapepuka n'kukwera kwambiri, pansi pamatsala malo opepuka, ndipo mpweya wa m'mbali umathamangira pamenepo kudzadzaza. Pothamangapo umakwapula nyanja n'kunyamula nthunzi ina. Nthunzi yambiri, kutentha kwambiri, mphepo yambiri, nthunzi inanso. Chimadzidyetsa chokha.

Mnyamatayo anafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani chimazungulira m'malo mongolowa pakati. Funso labwino, ndipo ndinavutika nalo pang'ono. Dziko lenilenilo limazungulira, choncho mpweya umene ukuyenda mtunda wautali suyenda mowongoka, umakhota. Kuno kumwera kwa ikweta umakhotera kumanzere, n'chifukwa chake anamondwe athu amazungulira motsata mivi ya wotchi, pamene a ku Philippines ndi ku Caribbean amazungulira mobwerera. Pa ikweta penipeni kukhotako kulibe mphamvu, ndiye anamondwe sabadwira pamenepo kawirikawiri, amayambira madigiri 5 kapena kuposerapo kuchokera pamzerewo. Mwana uja anatenga beseni la madzi n'kuyamba kuvundula ndi dzanja kuti aone dzenje la pakati. Sizofanana kwenikweni, koma ndinamusiya.

Chimene sindinamuuze, chifukwa anali atatopa nane, n'chakuti madzi ofunda okha sakwanira. Nyanja imafunda chaka chilichonse kuyambira November mpaka April, koma si mtambo uliwonse umene umasanduka Winston. Pamafunikanso kuti mphepo za kumwamba ndi za pansi zigwirizane. Zikasiyana liwiro kapena kolowera, zimapendeketsa namondweyo, mutu kwina miyendo kwina, ndipo kutentha kwa pakati kumabalalika. Zimenezi ndi zina mwa zimene zinamufooketsa sabata yatha ali kumwera. Masiku awiri apitawa mphepo za kumwamba zamuleka aime chilili, ndipo pamwamba pake mpweya wogwiritsidwa kale ntchito ukutuluka momasuka ngati utsi pa chumuni chosatsekeka. Pali chinanso. Namondwe akaima malo amodzi amavundula nyanja, madzi ozizira a pansi n'kukwera, iye n'kudzipha yekha ndi njala. Ambiri amathera pamenepo. Winston anaima, anabwerera m'mapazi ake omwe, koma anatulukamo wamphamvu kuposa kale.

Kabowo ka pakati kaja ndiye diso. M'menemo mpweya umatsika m'malo mokwera, mitambo imang'ambika, mphepo imagwa, nthawi zina mpaka nyenyezi kuoneka. Koma mphepo yoopsa kuposa yonse ili pa khoma la mitambo lozungulira disolo. Wailesi yakhala ikuchenjeza tsiku lonse kuti kukachita bata mwadzidzidzi anthu asatuluke, chifukwa khoma la mbali inayo likubwera, ndipo mphepo yake idzachokera kumene simukuyembekezera. Diso likamaoneka loyera ndi lozungulira bwino chonchi, akatswiri amadziwa kuti zinthu zaipa. Kulemera kwa mpweya kumayezedwa m'mahekitopasiko, ndipo tsiku wamba pagombe amakhala 1013. Pakati pa Pam, amene anasakaza Vanuatu mu March chaka chatha, unatsika kufika 896. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumakoka mphepo, monga madzi amathamangira kwambiri potsetsereka kwambiri.

Ndinaona anthu pa Facebook akukangana za manambala, ena akuti a ku Nadi akuchepetsa, poti akatswiri a zanyengo a ku Hawaii akutchula liwiro lokwera. Palibe akunama. A ku Nadi amayeza mphepo pa mphindi 10, a ku Hawaii pa mphindi imodzi, ndiye za ku Hawaii zimaoneka zazikulu. Ndinayamba kulemba yankho, kenako ndinafufuta. Denga silifunsa kuti mphepo yayezedwa ndi ndani.

Bubu anabwera ndi tiyi, n'kuima kumbuyo kwathu kuyang'ana chithunzicho. Ndinawalozera pamene pali diso. Anafunsa kuti Koro ali pati. Ndinakulitsa chithunzi, koma Koro sankaoneka, anali pansi pa choyeracho. Anangoti, "Mwanangu, tseka." Ndinatseka.

Anali atalankhula ndi mng'ono wawo m'mawa. Kumeneko anthu anali akusamukira ku tchalitchi ndi ku sukulu, nyumba zolimba za m'mudzimo. Masana atayesanso, foni sinalowe, ndipo mpaka pano sinalowe. Chimene chikuwadetsa nkhawa si mphepo kwenikweni koma nyanja. Midzi ya ku Koro yambiri ili m'mphepete mwa madzi, kumbuyo kwake kuli mapiri. Namondwe wamkulu amakankha nyanja patsogolo pake n'kuiunjika pagombe, ndipo kupepuka kwa mpweya pakati pake kumaitukulanso pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa hekitopasiko iliyonse imene yatsika. Pamwamba pa madzi okwerawo pamabweranso mafunde. Pa dziko lalikulu munthu ukhoza kukwera basi n'kuthawira kutali. Pa chilumba chaching'ono uthawira kuti? Namondweyo ndi wamkulu kuposa chilumbacho maulendo ambirimbiri. Fiji ali ndi zilumba zoposa 300, zokhalamo anthu zoposa 100, ndipo zambiri mwa izo thandizo limafikako pa sitima yapamadzi, nyanja ikalola.

Madzulo boma la a Frank Bainimarama linalengeza kuti dziko lili pa ngozi kwa masiku 30, ndipo kuyambira 6 koloko palibe wololedwa kuyenda panja m'dziko lonse. Ndege zinaimitsidwa kale. Ndinakumbukira kuti Lachisanu la sabata yatha, pa 12, nyumba ya malamulo ya kuno inavomereza pangano la ku Paris la zakusintha kwa nyengo, kukhala yoyamba padziko lonse kutero. Sindinena kuti Winston wabwera chifukwa cha utsi wa mafakitale a kutali, namondwe mmodzi sangakhale umboni wa zonse, komanso chaka chino ndi cha El Niño, kufunda kwachilendo kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kumene kumasokoneza kale nyanja ino. Koma ndikumvetsa chifukwa chake anthu a pa zilumba safuna kudikira kuti mkanganowo uthe. Chakudya cha namondwe ndi madzi ofunda, ndipo madziwo akufundirafundira.

Tsopano ndinene chimene chikundichititsa manyazi. Dzulo mantha onse anali oti diso lidutsa pa Suva kapena pafupi penipeni. Lero mzere unasunthira kumpoto pang'ono, ndipo wailesi itanena kuti likulowera ku gombe la kumpoto kwa Viti Levu, chilumba chachikulu chimene pali Suva, chifuwa changa chinapepuka. Ndinasangalala. Patapita kanthawi m'pamene ndinazindikira kuti kusunthako ndi kumene kwaika Koro pakati pa njira, ndi kumenenso kwatengera khoma lija ku Rakiraki, kwa alimi a nzimbe a m'chigawo cha Ra, kumene lafika cha m'ma 7 koloko usiku uno. Makilomita ochepa pa mapu a akatswiri, ife tatsala ndi denga. Bubu anandiona nkhope nthawi imene ndinasangalala ija. Sananene kanthu.

Kuno tangolandira mphonje zake chabe, komabe mtengo wa mango wa kwa aneba wagwa pa mpanda, ndipo lata lina likuuluka mumsewu, ndikulimva likukhwekhwereza pa tala. Madzi alowa pansi pa chitseko, ndatsekapo ndi matawulo. Mnyamata uja wagona pa mphasa m'chipinda changa, akuti kwanga kuli mawindo ochepa.

Posachedwapa Bubu anagogoda. Amafuna kudziwa ngati foni yanga ili ndi netiweki, poti ndi ya kampani ina. Inali ndi kamzere kamodzi. Anatchula nambala pamtima, ine ndikudina. Tinamvetsera tonse awiri, mutu ndi mutu, kandulo ikugwedezeka. Sinaitane n'komwe. Anati tiyesenso 11 koloko, ndipo akhala pampando wanga kudikira. Batire latsala 31 peresenti, ndiye ndazimitsa foniyo mpaka nthawiyo ikwane.